ZA UMOYO PABANJA: Wodwala shuga athandizidwe pafoni kapena apite kuchipatala?



Masiku ano n'kovuta kupeza banja kuno kunyanja, kuyambira ku Makanjira ndi ku Malindi mpaka ku Salima ndi ku Nkhotakota, limene silikudziwa munthu wodwala matenda a shuga. Ngati si bambo ndi mayi, ngati si mayi ndi amalume kapena azakhali. N'kovutanso kupeza banja lopanda foni ya m'manja. Ana athu amene ali ku Joni amatumiza mafoni, ena amatumizanso timakina toyezera shuga, ndipo funso limene layamba kumveka m'makomo ndi lakuti: popeza foni ilipo, agogo azivutikiranji ndi ulendo, kulipira kabaza ndi minibasi, kukakhala pamzere kuyambira m'bandakucha, pamene angathe kulankhula ndi adokotala ali pakhonde pawo?

Funso limeneli si lachibwana ayi, ndipo si ife tokha amene tikulifunsa. Madokotala a m'maiko ambiri akhala akulifufuza kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo pamene mliri wa Covid-19 unatsekereza anthu m'nyumba mu 2020, zipatala zambiri za kunja zinayamba kuona odwala shuga pafoni ndi pavidiyo. Kuyankha molakwa kumapweteka mbali zonse ziwiri. Banja likaumirira ulendo pa kanthu kalikonse, ndalama zimatha, wodwala amatopa, kenaka amaleka ndi mankhwala omwe. Banja likadalira foni pa chilichonse, tsiku lina limadzidzimuka chala cha kuphazi chitada bii, kapena maso atachita khungu. Choncho m'kope lino tiyeni tione zimene ofufuza anapeza, kuti tidziwe nkhani imene ingathe pafoni ndi nkhani imene ifunika kuti munthu anyamuke.

Matenda oyenda mwakachetechete

Chakudya monga nsima, kondowole, mpunga ndi mbatata chimasanduka shuga m'magazi. Kuti shugayo alowe m'minofu ndi kutipatsa mphamvu pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi kapamba. Mwa akuluakulu ambiri odwala shuga, insulini imakhalapo koma thupi silimvera bwino, ndipo m'kupita kwa zaka kapambayo amatopa n'kuyamba kupanga yochepa. Umenewu ndi mtundu wachiwiri wa matendawa, ndipo odwala shuga 9 mwa 10 alionse ali ndi mtundu umenewu. Shuga wotsalira m'magazi uja amawononga pang'onopang'ono timitsempha ta m'maso, m'impso ndi m'mapazi, komanso mitsempha ikuluikulu ya kumtima ndi kuubongo.

Bungwe la WHO linanena kuti odwala shuga padziko lonse anali 200 miliyoni mu 1990, koma pofika mu 2022 anali atakwana 830 miliyoni. Kuno kwathu, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga wokwera. Kafukufuku wina wa ku Karonga ndi ku Lilongwe, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti mwa odwala shuga 10 alionse, 4 sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Mfundo imeneyi tiisunge pamtima pamene tikupitiriza. Munthu angathe kukhala ndi shuga wokwera koma akumva bwinobwino m'thupi. Tsono ngati mwini thupi sakumva kanthu, dokotala amene akungomva mawu ake pafoni adziwa bwanji?

Mlingo umene madokotala amaweruzira

Madokotala akafuna kudziwa ngati chithandizo chikugwira ntchito, sakhutira ndi yankho lakuti tadzuka bwino. Ali ndi muyeso wa magazi wotchedwa HbA1c. Kamakina ka kunyumba kaja kamangonena za shuga wa nthawi yomweyo, koma HbA1c amaonetsa m'mene shuga wakhala akuyendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, chifukwa shuga amamatirira ku maselo ofiira a magazi, ndipo maselowo amakhala m'thupi miyezi ingapo asanafe. Kwa akuluakulu ambiri cholinga ndi chakuti nambala imeneyi ikhale pafupi ndi 7. Kwa okalamba kwambiri adokotala amalola kuti ikwereko pang'ono, poopa kuti shuga angamatsike mopitirira.

Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa UKPDS, amene anatsatira odwala zikwi zingapo kwa zaka pafupifupi 10, anaonetsa mu 2000 kuti nambalayi ikatsika ndi 1, mwachitsanzo kuchoka pa 9 kufika pa 8, mavuto a timitsempha ta m'maso ndi m'impso amachepa ndi magawo 37 pa 100, ndipo imfa zobwera chifukwa cha shuga zimachepa ndi magawo 21 pa 100. Ndi mlingo umenewu tingathe kuyeza ngati foni imathandizadi.

Zimene anapeza ku America ndi ku England

Mu 2000 madokotala a pa yunivesite ya Columbia, pamodzi ndi anzawo a mumzinda wa Syracuse, anayamba kafukufuku wotchedwa IDEATel m'chigawo cha New York. Anatenga odwala shuga 1,665 a zaka 55 kupita m'tsogolo, okhala m'madera amene madokotala ndi ochepa, n'kuwagawa pawiri mwa maere. Gulu limodzi linapitiriza kulandira chithandizo monga mwa masiku onse. Gulu linalo linaikiridwa m'nyumba kompyuta ya kamera, kamakina koyezera shuga ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Manambala ankafika kwa anamwino kudzera pa kompyutayo, anamwinowo ankacheza ndi wodwala pavidiyo, ndipo akaona kuti zinthu sizili bwino ankakambirana ndi katswiri wa shuga n'kulangiza dokotala wa wodwalayo kuti asinthe mankhwala.

Patatha zaka zisanu, HbA1c wa gulu la makompyuta anali wotsika ndi 0.29 poyerekeza ndi gulu linalo. Kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi zinatsikanso pang'ono. Koma imfa sizinasiyane m'magulu awiriwo, ndipo ndalama zimene boma linkawononga pa odwalawo sizinachepe. Ku England boma linayesa njira yofanana ndi imeneyi kuyambira mu 2008 m'madera a Cornwall, Kent ndi Newham, ndipo mwa odwala shuga kusiyana kwa HbA1c kunali 0.21. Mu 2015 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kusanthula zofufuza za ena, linaphatikiza zofufuza 16 za odwala shuga 2,768, n'kupeza kusiyana kwa 0.31.

Zotsatira zonsezi zikuloza kumodzi. Chithandizo cha patali chimatsitsa shuga ndithu, koma pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a 1 uja. Si phindu loti n'kulinyoza, komanso si chozizwitsa. Ndipo pali mfundo ina imene anthu ambiri amaidumpha akamasimba nkhaniyi. Odwala a ku New York aja sanaleke kupita kwa madokotala awo. Kompyuta inabwera kudzaonjezera pa maulendo a kuchipatala, osati kudzawathetsa.

Zimene anapeza ku Lilongwe ndi ku Cape Town

Wina anena kuti izo ndi za kwa azungu, kumene kuli magetsi ndi makompyuta. Nanga kuno, kumene ambiri tili ndi foni yongoimbira ndi kulandirira mauthenga? Funso limeneli linafufuzidwanso. Kafukufuku wotchedwa StAR2D anatenga akuluakulu 1,186 odwala shuga wa mtundu wachiwiri ku Lilongwe ndi ku Cape Town. Theka la iwo linkalandira mauthenga a pafoni kangapo pa sabata kwa chaka chathunthu, owakumbutsa kumwa mankhwala, kukatenga ena asanathe, kudya moyenera ndi kulimbitsa thupi. Theka linalo silinkalandira malangizo amenewa.

Zotsatira zake zinatuluka mu 2021, ndipo zinaonetsa kuti HbA1c wa magulu awiriwo sanasiyane. Panali kaphindu kochepa pa kuthamanga kwa magazi, koma shuga weniweniyo mauthenga sanamutsitse.

Nanga n'chifukwa chiyani ku New York foni ndi kompyuta zinathandiza, pamene ku Lilongwe ndi ku Cape Town mauthenga sanasinthe shuga? Tikaika zofufuza ziwirizi pamodzi tiona kuti zinayesa zinthu zosiyana. Ku New York wodwala ankayeza, manambala ankafika kwa munthu wodziwa ntchito, ndipo mankhwala ankasinthidwa malinga ndi manambalawo. M'kafukufuku winayu uthenga unkachokera ku makina kupita kwa wodwala basi. Uthenga ungakukumbutseni kumwa metformin, koma ngati thupi lanu lafika poti metformin yekha sakukwanira, ngakhale mutamwa mokhulupirika chaka chonse shuga satsika mpaka wina atakuonjezerani mankhwala.

Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Pa nkhani ya shuga fuwa loyamba ndi muyeso woona, lachiwiri ndi munthu wa chipatala amene akukudziwani ndipo ali ndi mphamvu yosintha mankhwala, lachitatu ndi mankhwalawo kupezeka m'nyumba. Foni imangolumikiza atatuwa. Likasowa limodzi, ngakhale foniyo ikhale yodula chotani, mphika ugwa.

Zimene foni singathe

Choyamba ndi mapazi. Shuga akakhalitsa amapha mitsempha yomvera ya kumapazi, kotero kuti munthu amaponda munga wa nsomba, mbedza kapena mchenga wotentha wa masana osamva kanthu. Mukamufunsa pafoni ngati phazi likupweteka ayankha kuti ayi, ndipo sakunama. Chilonda chotero chimakula mobisika mpaka kufika pafupa, ndipo anthu ambiri amene anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga anayamba ndi kachilonda kakang'ono chomwecho. Namwino ayenera kuona phazilo ndi maso ake, kuligwira kuti amve ngati magazi akuyenda, ndi kuyesa ngati likumva. Zimenezi zichitike kamodzi pachaka, ndipo kwa amene mapazi anayamba kale dzanzi, nthawi iliyonse akapita ku kiliniki. Musadikire kuuzidwa, vulani nsapato nokha mukalowa m'chipinda cha adokotala.

Kunyumba banja lingathandizeko. Madokotala a ku Ipswich ku England anafalitsa mu 2011 njira yosafuna chipangizo chilichonse. Wodwala atseke maso, wina akhudze mopepuka ndi nsonga ya chala chake pa chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono cha phazi lililonse, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, osakankha kapena kukanda. Ngati wodwala sanamve pa zala ziwiri kapena kuposerapo mwa zisanu ndi chimodzizo, mapazi ake ali pangozi, akaonedwe. Ifenso amene timasambitsa mapazi pa wudhu kangapo patsiku tili ndi mwayi umene ena alibe. Nthawi imeneyo yang'anani kuphazi ndi pakati pa zala, ndipo mukatha pukutani bwino pakati pa zalapo, pakuti chinyezi chimang'amba khungu. Potuluka mumzikiti gwedezani nsapato musanavale, mwina mwalowa kamwala.

Chachiwiri ndi maso. Kuwonongeka kwa timitsempha ta kuseri kwa diso sikupweteka, ndipo munthu amapitiriza kuona bwino mpaka zinthu zitafika poipa. Kafukufuku wa odwala shuga 357 a pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Zomba Central, amene anatuluka mu 2014, anapeza kuti theka la iwo maso anali atayamba kale kuwonongeka, ndipo pafupifupi 3 mwa 10 alionse anali pangozi yotaya kuona. N'zoona kuti pano luso lathandiza. Ku England, kuyambira mu 2003, odwala shuga amajambulidwa m'kati mwa diso ndi kamera yapadera, ndipo zithunzizo amakazisanthula anthu ena ophunzitsidwa, osafunika kuti katswiri wa maso akumane ndi wodwala aliyense. Koma onani kuti wodwalayo amapitabe kumene kuli kamera. Chithunzi cha nkhope chimene mwana wanu angajambule ndi foni sichionetsa kuseri kwa diso.

Chachitatu ndi impso. Zimenezi zimayezedwa ndi mkodzo ndi magazi, kamodzi pachaka. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa impso zikafooka, mankhwala monga metformin ndi glibenclamide ayenera kuchepetsedwa kapena kusinthidwa. Munthu amene akungopitiriza mankhwala akale chaka ndi chaka, kapena amene akumwa mankhwala amene mwana wake wagula ku Joni atangomva pafoni kuti ndi a shuga, angathe kudzivulaza ndi mankhwala enieni abwino.

Chachinayi chikukhudza amene amabaya insulini. Munthu akamabaya malo amodzimodzi, pansi pa khungu pamachita zotupa zolimba, ndipo insulini yobayidwa pamenepo simalowa bwino m'thupi. Shuga amangokwera ndi kutsika mosadziwika bwino. Dokotala wa pafoni angaganize kuti mlingo wachepa n'kuuonjezera, pamene namwino wogwira pamimba ndi pantchafu akadapeza chifukwa chake nthawi yomweyo. Momwemonso munthu amene wangopezeka kumene ndi matendawa, kapena amene akuyamba kumene insulini, aphunzitsidwe pamaso, namwino akuona m'mene akukokera mankhwala mu jakisoni.

Zimene foni ingathe

Tisaitaye foni kaamba ka zimenezi. Kufunsira malangizo a zaumoyo pafoni si chinthu chachilendo kuno. Ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni inayamba m'boma la Balaka mu 2011 pothandiza amayi oyembekezera ndi ana, kenaka inafalikira m'dziko lonse ndipo Unduna wa Zaumoyo unaitenga. Kwa wodwala shuga amene anaonedwa kale, amene ali pa mankhwala ndipo zinthu zikuyenda, foni ingagwire ntchito yaikulu pakati pa ulendo uno ndi ulendo wotsatira. Mukapita ku kiliniki ya shuga funsani ngati pali nambala imene amalola odwala kuimbapo, ndiponso masiku ndi nthawi yake. Safunsa anadya phula.

Pafoni mungathe kunena manambala a shuga a sabata yonse kuti adokotala aone ngati mlingo watsopano ukugwira. Mungathe kufunsa ngati kutsegula m'mimba kumene kwayamba ndi metformin kuli koopsa, m'malo mongosiya mankhwala mwakachetechete monga amachitira ambiri. Mungathe kufunsa ngati mankhwala anu alipo musanalipire ulendo. Mwana amene ali kutali angathe kukumbutsa mayi ake tsiku la kiliniki ndi kutumiza ndalama ya ulendo nthawi ikadalipo, ndipo thandizo limeneli limaposa malangizo onse amene angawawerenge pa intaneti.

Koma kuti kuimba kukhale ndi phindu, manambala ayenera kukhala oona. Gulani kope, ndipo wina m'banja, kaya ndi mdzukulu wa kusekondale, azilemba tsiku, nthawi, nambala, ndiponso ngati munayeza musanadye kapena mutadya. Sambani m'manja ndi kupukuta musanayeze, pakuti madzi a mango kapena a nzimbe otsalira pachala amakweza nambala mwabodza. Timapepala toyezera tigwirizane ndi kamakina kake, tisakhale totha nthawi, ndipo kabotolo kake kazitsekedwa msanga ndi kusungidwa pamthunzi, chifukwa kutentha ndi chinyezi cha kuno kunyanja zimatiwononga.

Dziwaninso chinenero cha kamakina kanu. Timakina tina timawerenga mu mmol/L, tina mu mg/dL, ndipo nambala yoyambayo mukaichulukitsa ndi 18 mumapeza yachiwiriyo. Motero 7 pa kamakina kena ndi chimodzimodzi ndi 126 pa kanzake. Tochokera ku South Africa nthawi zambiri timawerenga mu mmol/L. Poimba foni nenani nambala pamodzi ndi zilembo zimene zalembedwa pambali pake. Ndipo chilichonse chimene adokotala asintha pafoni chibwerezeni pakamwa kuti amve ngati mwamva bwino, chilembeni m'kope, ndipo mukadzapita kuchipatala chikalembedwenso m'buku lanu la kuchipatala.

Chenjerani ndi madokotala a pa WhatsApp amene simunawaonepo, otumiza mawu ojambulidwa onena kuti ali ndi mankhwala ochotseratu shuga m'masabata awiri, inu mungotumiza ndalama. Amenewa amayamba ndi kukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala. Munthu wosadziwa impso zanu, msinkhu wanu ndi mankhwala ena amene mukumwa, sangakuchizeni.

Mwezi wa Ramadhani

Palibe nthawi imene nkhaniyi imatikhudza kwambiri kuposa mwezi wosala. Kafukufuku wotchedwa EPIDIAR, amene anafunsa Asilamu odwala shuga oposa 12,000 m'maiko 13 za Ramadhani ya mu 2001, anapeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 alionse a mtundu wachiwiri anasala masiku osachepera 15. Anapezanso kuti mwa a mtundu wachiwiriwo kutsika kwa shuga koopsa, kofika pogonekedwa m'chipatala, kunachuluka koposa kasanu ndi kawiri m'mwezi umenewo poyerekeza ndi miyezi ina.

Apanso ntchito igawidwe. Malangizo amene bungwe la International Diabetes Federation linatulutsa mogwirizana ndi bungwe la Diabetes and Ramadan International Alliance mu 2016, n'kuwakonzanso mu 2021, amati wodwala akaonane ndi adokotala masabata 6 mpaka 8 mwezi usanayambe. Umenewu ndi ulendo wa pamaso, chifukwa ndi pamene amayeza magazi ndi impso, n'kuona ngati munthuyo angathe kusala, n'kusintha mlingo ndi nthawi ya mankhwala, makamaka insulini ndi glibenclamide, amene amagwetsa shuga munthu akapanda kudya. Amene impso zinafooka kwambiri, amayi oyembekezera, okalamba ofooka, ndi amene anakomoka posachedwa chifukwa cha shuga, kawirikawiri amalangizidwa kuti asasale. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Baqarah, inapereka chilolezo kwa wodwala, ndipo shehe wanu angakufotokozereni za kubweza masiku kapena kupereka fidya.

Mwezi ukayamba, foni imatenga gawo lake. Dziko la Senegal linayamba mu 2014, mothandizidwa ndi WHO, kutumiza mauthenga a pafoni kwa odwala shuga m'mwezi wa Ramadhani, owakumbutsa kumwa madzi okwanira usiku, kusadya zotsekemera zambiri pomasula ndi kusamala mankhwala. Banja lingachite zomwezo. Wodwala asadumphe daku, ndipo adye mochedwerako, kufupi ndi m'bandakucha. Ayeze shuga masana ndi madzulo asanamasule. Malangizo aja, amene anavomerezedwa ndi Mufti wa dziko la Egypt, amanena kuti kuboola chala poyeza shuga sikuononga swaumu. Amanenanso kuti shuga akatsika kupitirira 3.9 mmol/L, amene ndi 70 mg/dL, kapena akakwera kupitirira 16.6 mmol/L, amene ndi 300 mg/dL, kapena munthu akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu, amasule pomwepo, ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa.

Pamene simufunika kuimba, koma kunyamuka

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, nthawi yosakasaka mayunitsi ndi netiweki ndi nthawi yotayika. Wodwala shuga akamasanza osaleka, akamapuma mozama ndi mofulumira, akamamva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi kwinaku akufooka, akayamba kulankhula zosamveka kapena kuodzera kosadzutsika, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso akamva kupweteka pachifuwa, akafooka mbali imodzi ya thupi, pakamwa pakakhota, kapena diso likasiya kuona mwadzidzidzi. Chilonda chilichonse cha kuphazi, ngakhale chosapweteka, chionedwe tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, makamaka ngati phazi latupa, latentha, lada kapena likununkha. Thupi likatentha akayezetse malungo msanga, pakuti matenda alionse amasokoneza shuga, ndipo chifuwa chopitirira masabata awiri akayezetse TB, imene imagwira odwala shuga mosavuta kuposa anthu ena.

Shuga akatsika, wodwala akunjenjemera ndi kutuluka thukuta koma akutha kumeza, mupatseni masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, muyezenso pakapita mphindi 15, ndipo akapezako bwino adye chakudya chenicheni. Ngati akumwa glibenclamide, shuga angathe kugwanso pakapita maola angapo, choncho akaonedwe ngakhale atadzuka. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mupeze galimoto, ndipo foni igwire ntchito yoitana woyendetsa.

Tigawe ntchito m'banja

Mutu umodzi susenza denga. M'banja limene muli wodwala shuga mukhale pansi mugawane. Wina asunge kope la manambala. Wina ayang'ane mapazi a agogo, makamaka ngati maso awo sakuona bwino kapena sangathe kuwerama. Wina awerenge mapilitsi kuti ena atengedwe sabata imodzi asanathe. Amene ali kutali aike padera ndalama ya ulendo wa chaka ndi chaka wokayezetsa maso, impso ndi mapazi, ndiponso ya HbA1c pa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse kumene muyesowu ukupezeka. Ngati shuga wakhazikika, funsani adokotala ngati n'kotheka kutalikitsa masiku a kiliniki ndi kulandira mankhwala a miyezi ingapo nthawi imodzi, pakati pake muzilankhulana pafoni. Iwo ndi amene agamule zimenezi ataona wodwala, osati ife kunyumba chifukwa ulendo wadula.

M'kope lotsatira, Insha Allah, tidzakamba za chakudya cha wodwala shuga m'nyumba imene onse amadyera m'mbale imodzi: kukula kwa mtanda wa nsima, mgaiwa ndi ufa woyera, usipa ndi masamba, thobwa ndi tiyi wa shuga. Amene muli ndi mafunso pa nkhani imeneyi lemberani kwa mkonzi. Pakadali pano, tengani buku la kuchipatala la wodwala wanu, muone tsiku limene mapazi ndi maso ake anaonedwa komaliza. Ngati chaka chapitapo, konzani ulendo mwezi uno.